Usathamangitse Zala, Tamanda

Mkanda,
Mchinji.

Mwana wanga Tamanda,

Lero ndatseka shopu dzuwa likadalipo. Munthu wina wabwera ndi njinga yothyoka masipoko, ndamuuza kuti abwere mkuja, wachoka akung'ung'udza, koma zimenezo ndi zake. Ndakhala pabenchi panja pano ndi pepalali chifukwa ndimadzidziwa. Mawa pa siteji, minibasi ikamaimba hutala, palibe chanzeru chimene ndidzalankhule. Ndidzangokufunsa ngati watenga chaja ya foni, kenako ndidzayamba kukangana ndi kondakitala za pomwe waika gitala. Ndiye bola ndilembe. Amayi ako akuti ndisachulutse, akuti mwana akungopita ku Lilongwe, sakupita ku Joni. Ndawayankha kuti iwo akazinge mtedza wa paulendo, za kalata andisiyire.

Ndiyambe ndi zimene unanena dzulo tikudya. A Mwale, eni bandi ya ku Lilongwe ija, anakuuza mosabisa tsiku lija anaimba foni, ndipo ine ndinawamva chifukwa unaika pa sipika. Anati lidi yako, gitala yotsogolera nyimbo ija, ndi yokoma, khutu uli nalo, koma nyimbo ikathamanga manja ako amasiyana, ndiponso pa vidiyo unawatumizira ija maso ako sachoka pa dzanja la mkulu woimba ridimu, gitala yoperekeza, kumbuyo kwako. Mkuluyo ndine. Anati akutenga mongoyesa mpaka nyengo ya maukwati ifike pachimake, ndipo zikapanda kusintha malowo apatsa mnyamata wina amene akuwadikirira kale. Dzulo lija unakankha mbale usanamalize, n'kunena kuti, "Ababa, popanda inu kumbuyo ine ndimasochera. Ndikabwerako ndi manyazi." Ine ndinangoti idya. Yankho lake ndi lino, ndipo ndi lalitali, upirire.

Choyamba udziwe kuti ine ndakondwa. Usaone nkhope yangayi, inabadwa yokwinya. Mwana wa wokonza njinga wa pa Mkanda kuitanidwa ndi bandi ya m'tauni chifukwa cha zala zake! Ndauza aliyense wobwera kudzapopetsa tayala, ngakhale amene sanafunse. A Yusufu a golosale yoyandikana nafe afika pondipempha kuti ndipeze nkhani ina. Chachiwiri, a Mwale sananame. Manja ako amasiyanadi, ndipo umandiyang'anadi. Koma matenda amenewa ndimawadziwa chifukwa onse ndinadwalapo, ena mopusa kuposa iwe. Ndikuuza mmene ndinapusira kuti usavutike n'kupusanso mofanana ndi ine. Ukafuna kupusa, upeze njira yakoyako.

Gitala yanga yoyamba sunaione. Inali ya chigaloni cha oilo, khosi lake thabwa limene ndinazula pa khola la nkhumba, nsambo zake mawaya a buleki ya njinga amene ndinkawapombosola kamodzikamodzi. Mawaya aja ankakhala patali ndi thabwa moti chala chinkalowa pansi pake osakhudza kanthu. Kuti liwu limveke ndinkafinya ndi mphamvu zanga zonse mpaka nsonga za zala kung'ambika, ndipo ndinkanyadira kuti umenewo ndiye ukatswiri. Tsiku limene ndinagwira gitala yeniyeni, ya kwaya ya ku Ludzi, ndinaifinya chimodzimodzi. Nyimbo isanafike pakati, a Zulu otsogolera kwaya anakweza dzanja, onse chete. Anati, "Aphwanga, gitalayo yakulakwirani chiyani? Mwaikanyanga pakhosi chotero, iimba bwanji?" Ine n'kuyankha molimba mtima kuti gitalayo ndi yosachuna. Anailanda, n'kuimba malo omwewo zala zikungoyenda pamwamba, mawu ake oyera bwinobwino. Nsambo ukaifinya mopyola imakwera liwu, ndipo chala chimene chakakamira pansi chimachedwa kunyamuka. Mutu unamva tsiku lomwelo, koma dzanja linatenga zaka.

Iwe sunaphunzirire pa chigaloni, koma unaphunzira poonera dzanja langa, ndiye kufinyako unatengerako. Ukafika, tsiku lililonse usanaimbe kanthu, uzichita izi. Ika chala pa nsambo, pafupi ndi kachitsulo kopingasa pa khosi la gitala, osati pakatikati, ungokhudza chabe. Khwatcha nsamboyo. Idzalira mogonthera. Onjezera mphamvu pang'onopang'ono mpaka liwu liyere, ndipo likangoyera ima pomwepo. Mphamvu yofunika ndi yomweyo basi, yotsalayo ndi yongokuchedwetsa. Chala chachikulu kuseri kwa khosi chizingotsamira, chisamakankhe. Uzionanso mapewa ndi nsagwada, chifukwa iwe pakafika povuta umaluma mano ngati ukutsegula botolo ndi pakamwa. Dzanja silingamasuke mwini wake atauma thupi lonse. Usafinye, Tamanda. Mawu amenewa ndiwabwerezanso, usatope nane.

Kupusa kwachiwiri ndi kwa chigayo, ndipo amayi ako mpaka lero akafuna kuseketsa alendo amakamba nkhani imeneyi. Wina anandiuza kuti woimba weniweni amayeserera ndi chinthu chogunda mosasintha, kuti nthawi ya nyimbo ikhazikike m'thupi. Mafoni kunalibe, wotchi ndinalibe. Ndinaganiza, ndinaganiza, n'kukumbuka chigayo cha dizilo chimene chinali kuseri kwa msika, chongoti thu thu thu kuyambira m'mawa. Ndinati basi, mphunzitsi ndamupeza. Ndinkakhala pa chitsa pafupi ndi khoma lake, gitala pamwendo, ufa uli mbuu m'tsitsi, azimayi a pamzere akukodolana kuti mwana wa eni uyu mutu wazungulira. Chimene sindinaganize n'chakuti chigayo akachithira chimanga chimalemedwa n'kuyamba kugunda mochedwa, chimangacho chikatha chimapepukidwa n'kuthamanga. Ine ndinameza zonsezo. Nditapita kukaimba ndi anzanga, nyimbo iliyonse ndinkaikoka poyamba vesi n'kuithamangitsa pomaliza, osadziwa n'komwe. Woimba ng'oma wathu, malemu Jailosi, anaponya timitengo take pansi n'kunena kuti, "Iwe, tatiuza, thumba la ndani likugayidwa tsopano?" Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali Chigayo, ndipo alipo madala ena pa Mkanda pano amene dzina langa lenileni salidziwa.

Iwe uli ndi mwayi, m'foni mwakomo muli kanthu kaja kogunda, kamene sikalemedwa ndi chimanga cha munthu. Uzikayatsa, koma ukatchere mochedwa, mochedwa mpaka uchite manyazi. Ndikudziwa umadana nazo, umati kuimba mochedwa n'kwa ongoyamba kumene. Koma zala zimasunga chilichonse chimene wazibwerezetsa, chabwino ndi choipa chomwe, sizisankha. Ukamabwereza malo ovuta mothamanga uku ukuphonya, ndiye kuti ukuziphunzitsa kuphonya mothamanga. Imba mochedwa mpaka malowo atuluke oyera kangapo motsatizana, nkhope ili yomasuka, kenako ukweze liwiro pang'ono chabe, pang'ono poti khutu silingazindikire msanga. Ukayamba kuphonya bwerera m'mbuyo, osadzitukwana. Phazi lizigunda pansi limodzi ndi kanthuko. Nthawi zina uzikazimitsa pakati pa nyimbo, phazi lipitirize lokha, ndipo ukakayatsanso uone ngati mukadali limodzi. Nthawi ya nyimbo uisunge m'phazi lako, chifukwa phazilo likupita nawe ku Lilongwe pomwe dzanja langa likutsala kuno.

Za manja osiyana ndinaziphunzira ku boda. Iwe usanabadwe ndinkakonza njinga za akabaza kumeneko, ndipo Loweruka masana tinkaimba pakhonde la resiti hausi ina, pomwe madalaivala a mathiraki ankadikirira mapepala awo. Nthawi imeneyo ndinkaimba lidi, ndipo ndinkadzimva. Kunabwera nyimbo za ku Zambia zija za gitala yothamanga, ine n'kunena kuti palibe chimene munthu wa ku Zambia angachite chondikanika ine. Dzanja lamanja linkakhwatcha mwaukali, lamanzere likubwera m'mbuyo mopunthwapunthwa, mawu ena akumveka, ena akumezeka. Anthu oledzera ankaomba m'manja, ine n'kumati zikuyenda. Tsiku lina dalaivala wina wonenepa wa ku Katete, a Tembo, amene thiraki yawo inakhalitsa pamzere, anandikodola titamaliza. Anati, "Mudala, manja yanu yabili siyaziwana. Ili lafika kudala pa Chipata, linzake likali pa Mchinji lidindisa pasipoti." Anzawo anafa nacho chiseko. Ine ndinapsa mtima, n'kuwapatsa gitala kuti ngati ali anzeru aonetse, ndikuyembekeza kuti achita manyazi.

Sanaimbe nyimbo ayi. Anaika chala cha mkombaphala pa nsambo yaikulu ya pamwamba, n'kukhwatcha kamodzi motsitsa ndi piki, kapulasitiki kokhwatchira kaja. Chala chapakati pa kachitsulo kotsatira, n'kukhwatcha kamodzi mokweza. Chachitatu, motsitsa. Kachala kakang'ono, mokweza. Kenako nsambo yotsatira chimodzimodzi, mpaka ya pansi, n'kubwerera, mochedwa ngati nyimbo ya pamaliro. Anati, "Mwaona? Chala na piki vifike pamozi. Osati ichi chiyambe, ichi chikonke. Pamozi. Manje chitani so mpaka muleme." Kenako, ngati akungosewera, anathamangitsa zomwezo mpaka zala zinasiya kuoneka, koma liwu lililonse likumveka palokha. Anandibwezera gitala n'kupita kukagona pamthunzi pansi pa thiraki yawo. Sindinawaonenso, koma zimene anandionetsa ndi zija ndimachita m'mawa uliwonse tiyi asanapse, zimene iwe umazitcha nyimbo ya bakha.

Nyimbo ya bakhayo ndiye mankhwala a matenda amene a Mwale anena. Ndinkakuuza, iwe unkathawa kuti n'zotopetsa, ndipo ndinkakusiya chifukwa khutu lako linkakupulumutsa. Kumene ukupitako khutu lokha silikwana. Uzichita tsiku lililonse, ngakhale kwa nthawi yongokwana kuwiritsa madzi. Piki izitsika, izikwera, mosinthana, osati kumangotsika ngati ukukhoma msomali. Isamalowe kwambiri pakati pa nsambo, kansonga kokha. Kugwedezako kuzichokera pa mfundo ya dzanja, osati pa chigongono. Zala zikazolowera uzisinthe njira: yamba ndi kakang'ono kubwerera ku mkombaphala, kapena dumphitsa chala chimodzi, kapena dumpha nsambo imodzi, kuti zisaloweze msewu umodzi wokha. Ndipo uzimvetsera. Ukamva kaphokoso liwu lisanatuluke, ndiye kuti piki yafika chala chisanafike. Liwu likaduka msanga, ndiye kuti chala chanyamuka piki isanakonzeke. Usakweze liwiro ziwirizo zisanagwirizane, ngakhale anzako akhale akuuluka pambali pako.

Za kachala kakang'ono anandichititsa manyazi ndi amayi ako, tisanakwatirane. Ndinapita kwawo nyengo yosoka fodya, n'kukhala pakhomo la chigafa, kumaimba kuti andione. Iwo ali pansi miyendo chitambasulire, singano ili m'manja, masamba akungolowa m'chingwe. Anakhala nthawi yaitali osadzutsa mutu, kenako anati, "Achimwene, kachala kanuko kakuloza ndani kumwambako?" Kuyang'ana, zoonadi, zala zitatu zikugwira ntchito, kakang'ono kali njoo m'mwamba. Zitatu zinazonso zikachoka pa nsambo zinkanyamuka mtunda wautali, pobwerera n'kumachedwa. Ndinasiya kuimba n'kuyamba kuyang'ana manja awo. Anali achangu kuposa aliyense m'chigafamo, koma ukayang'anitsitsa manjawo sankapita patali. Tsamba lili pafupi, singano ili pafupi, palibe chala choyenda ulendo wopanda ntchito. Ndinapita kukafuna mkazi, ndinabwerako ndi phunziro la gitala. Mkaziyo anandilola ulendo wina, atandizunguza mokwanira.

Choncho zala zako zizikhala pafupi ndi nsambo nthawi zonse, zongoyandama pamwamba, zokonzeka. Chala chimene chamaliza ntchito chingomasuka, chisadumphe. Kachala kakang'onoko usakachitire chifundo. N'kaulesi, ndipo ukakalekerera chala chachitatu chimayamba kugwira ntchito ya awiri, dzanja lonse n'kumayenda uku ndi uku pomwe likanangokhala malo amodzi. Poyamba kadzakana, kadzapindika, kadzaliza nsambo mogonthera. Kapatse ntchito tsiku lililonse. Ukakhala m'minibasi kapena ukamadikira penapake, ika dzanja pabondo, uzinyamula chala chimodzichimodzi zinazo zili phee. Anthu akamakuyang'ana, asiye. Ine anandiyang'ana pa chigayo ndipo sindinafe.

Pali kupusa kumodzi kumene sindikufuna kuti useke. Tinaitanidwa kukaimba pa ukwati waukulu ku boma, wa mwana wa mwini sitolo, ndipo ndinamva kuti kubwera alendo a ku Lilongwe. Ndinati aone kuti ku Mkanda kulinso anthu. Ndinatseka shopu, n'kumayeserera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, m'nyengo yozizira ija, manja osawotha n'komwe. Mkono unayamba kutentha kuchokera pa mfundo ya dzanja mpaka m'chigongono. Ndinati ndi ulesi wa thupi, n'kumangapo kansalu, n'kupitiriza. Tsiku la ukwati dzanja linadzuka lotupa, zala osapindika. Ndinaima kumbuyo ndikugwedeza chisekese ndi dzanja limodzi, lidi akuimba munthu wobwereka. Kuchipatala anandiletsa kugwira gitala ngakhale sipanala mpaka mvula yoyamba. Dzanjalo linachira, koma liwiro lija silinabwerere lonse, n'chifukwa chake iwe unandipeza ndikuimba ridimu. Sindidandaula, ridimu ndinaikonda, ndipo inandipatsa malo abwino oima kumbuyo kwa mwana wanga. Koma iwe usadzasiye lidi chifukwa cha liuma ngati langali.

Mtima wako ndimaudziwa. Ukafika n'kumuona mnyamata wodikirira malo ako uja, udzafuna kuyeserera tsiku lonse osadya. Usatero, Tamanda. Pang'ono m'mawa, pang'ono masana, pang'ono madzulo, tsiku ndi tsiku, zimaposa tsiku limodzi lodzipha. Nsonga za zala zikamawawa n'zabwinobwino, zikukhwima. Koma ululu ukalowa m'mfundo kapena ukayamba kuyenda mumkono, ika gitala pansi nthawi yomweyo, ndipo ukapitirira upite kuchipatala, usamange kansalu. Kukazizira yamba wafunditsa manja, ngakhale pa kapu ya tiyi. Ukachoka kochapa usagwire nsambo zala zikadali zofewa, zimasupuka. Zikhadabo za kumanzere uziwenga, za kumanja upake utoto umene ukufuna, ine sindilowererapo. Ndipo uzigona mokwanira. Kangapo konse ndagonapo malo ovuta akundikana, m'mawa n'kupeza zala zawaloweza zokha.

China chimene tonse awiri tili nacho ndi chobwerera kuchiyambi. Ine ndikaphonya pakati pa nyimbo ndinkayambiranso pamwamba, ndikaphonyanso pomwepo, pamwamba. Mapeto ake chiyambi cha nyimbo iliyonse ndinkachidziwa ngati dzina langa, koma pakati pake pali dzenje lomwe lija. Amayi ako tsiku lina anatuluka m'nyumba ndi mthiko n'kunena kuti, "Bambo a Tamanda, nyimbo imeneyi ili ndi mathero, kapena tifa tisanawamve?" Iwe wakulira m'shopu, ukudziwa mmene timachitira chubu ikabooka. Timaiviika m'madzi, tione pomwe pakutuluka thovu, timate pomwepo. Nyimbonso chimodzimodzi. Peza malo enieni amene zala zikukolana, udule kachidutswa kakang'ono, mawu ochepa chabe kuphatikiza liwu limodzi lotsatira kuti polumikizira pasadzavute, ubwereze kokhako mochedwa mpaka kalowe. Zimenezi ndi za kunyumba. Pamaso pa anthu ukaphonya, pitirira, usakwinye nkhope, usayang'ane gitala ngati yalakwa ndi iyo. Anthu ovina samva liwu limodzi lolakwika, koma nkhope yokwinya amaiona.

Kumeneko kumbuyo kwako kudzakhala anthu ena. Woimba ng'oma ndi woimba bezi uziwalemekeza, uziyamba ndiwe kuwapatsa moni, ndipo uziwatsata ndi khutu, osati ndi maso. Ng'oma yaikulu ya kuphazi ija ikhale mnzake wa phazi lako. Akakuseka kuti ndiwe wa kumudzi, seka nawo, si bodza. Akakuseka kuti mtsikana ndi lidi n'zosayendera limodzi, usawayankhe, ingochuna gitala yako. Kwa azakhali ako ku Kawale nyumba n'zothithikana, ndiye uziyeserera osalumikiza ku ampu yokweza mawu, kapena motsitsa kwambiri, popanda tija tokometsera mawu. Zimenezo zidzakuthandizanso, chifukwa tokometserato timabisa zolakwa ndipo umadzinamiza kuti wafika. Ntchito za pakhomo usathawe ponamizira zala, azakhali akowo ndi mlongo wanga, pakamwa pawo ndimapadziwa. Mukakhala ndi koimba kochedwa uziwauziratu. Amayi ako uziwaimbira foni Lamulungu lililonse. Iwo akuti sakudandaula, koma mtedza umene akukazingawu ungakwane minibasi yonse.

Tsopano za kusochera kuja. Pali nkhani imene sindinakuuze, amene ndinawauza ndi amayi ako okha. Loweruka lapitali pa ukwati wa ku Chiosya, nthawi ya perekaniperekani, mkulu wa mwambo ataitana akuchikazi, tinalowa nyimbo yothamanga ija umaiopa kuposa zonse. Anthu anadzaza bwalo, fumbi lili koboo, n'kukankhana mpaka iwe unapezeka patsogolo pa sipika yaikulu, ine n'kutsala kuseri kwake. Unatembenuka kamodzi kundifuna, sunandione, n'kubwezanso maso kwa anthu. Pamenepo ndinakumbuka mawu a a Mwale. Ndinatsitsa voliyumu ya gitala yanga mpaka pansi, ndinachotsa dzanja pa nsambo n'kulipisa m'thumba. Woimba ng'oma anandiyang'ana modabwa, ndinamupatsa chizindikiro ndi mutu kuti apitirize. Mantha amene ndinachita sindinawachitepo chibadwire, chifukwa ukanagwa pamenepo, wokugwetsa ndikanakhala ine.

Unalowa malo ovuta aja wekha. Poyamba unathamanga pang'ono, ndinamva, moti dzanja langa linatuluka m'thumba lokha. Kenako ndinasuzumira n'kuona phazi lako likugunda pansi, unabwerera pa ng'oma, n'kukhazikika. Unaphonya kamodzi pa kachala kakang'ono, n'kupitirira. Amayi a mkwatibwi anamanga chitenje m'chiuno n'kulowa m'bwalo, nthungululu zili ponseponse. Nyimboyo anaibwerezetsa, ndipo ulendo wachiwiri unatuluka woyera kuposa woyamba. Ine ndili kuseri kwa sipika, gitala ili lendelende pamimba, manja m'matumba, kumvetsera mwana wanga ngati mlendo woitanidwa. Chiyambire kukuphunzitsa ndinali ndisanakumvepo bwinobwino, ndinkangotanganidwa ndi kukuperekeza. Umaimba bwino, Tamanda. Ndinalira, ndipo amene anandiona ndinawauza kuti ndi fumbi.

Pobwerera zida zinatsogola pa ngolo, iwe uli pa kaliyala wa njinga kumbuyo kwanga. Titadutsa pa dambo unati, "Ababa, lero ndiye munandigwira bwino. Sindinasochere ngakhale pang'ono." Ndinangoti eya, n'kupitiriza kupalasa. Ndinafuna kukuuza pomwepo koma ndinalephera, ndipo dzulo tikudya ndinalepheranso.

Ndiye ukakaima pamaso pa a Mwale, khosi likayamba kufuna kutembenuka, ukumbuke kuti nyimbo yovuta kuposa zonse unaiimba kale popanda ine, kawiri konse, mudzi wonse ukuvina. Manja akowo akadali ndi ntchito yambiri, ndipo ndakuuza mmene uigwirire. Usafinye, usathamange, usapirire ululu. Koma zosochera iwalako. Lamulungu likubwerali ku tchalitchi ndiimba ndekha, ndipo amene azifunafuna mnzake ndi maso ndine. Zimenezo ndi zanga, ndizolowera, ndipo mtima wanga uli m'malo. Pita bwino, mwana wanga, ukaimbe osatembenuka.

Ndine,
Bambo ako.